SUMO: MLENDO PA BWALO LA ZIMPHONA KU JAPAN

Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa nyanja kwa Mfumu Malenga Chanzi, m'boma la Nkhotakota, amawadziwa masewera a anyamata ogwetsana pamchenga. Asodzi akamasoka makoka awo, usipa uli pathandala, anyamata awiri amagwirana m'chiuno anzawo atawazinga, ndipo amene msana wake wayamba kugunda pansi ndiye wagonja. Palibe wolipira kuti aonerere, palibe woweruza, ndipo mnyamata akakula amawasiya masewerawo pamodzi ndi zina zonse za ubwana. Koma kuli dziko lina kutali kum'mawa kumene kugwetsana kotereku kunakula mpaka kusanduka mwambo wa fuko lonse. Dzikolo ndi Japan, ndipo mwambowo amautcha sumo. Nkhani ino ikufotokoza zimene munthu wochokera kunyanja kuno angaone, ndi zimene ayenera kudziwiratu, atapezeka kuti ndi mlendo pa bwalo la sumo.

Alendo ambiri amapita kumeneko poganiza kuti akukaona anthu onenepa akukankhana, ndipo ena amabwerako atagwa mphwayi. Amadandaula kuti anadikira mphindi zinayi akuona anthu akuwaza mchere ndi kuponda pansi, koma kulimbana kwenikweni kunatha asanameze malovu. Anthu oterewa amakhala ataphonya chinthu chachikulu, pakuti mu sumo mwambo ndiwo mwini bwalo, ndipo kulimbana ndi gawo limodzi chabe la mwambowo. Munthu wa kwa Malenga Chanzi, amene amadziwa kulemekeza bwalo la gule, amadziwa tanthauzo la nsembe, ndiponso amalima mpunga, ali ndi mwayi womvetsa zimenezi msanga kuposa alendo ambiri.

ULENDO NDI NYENGO YAKE

Kuchokera ku Nkhotakota mlendo amatsata msewu wa m'mbali mwa nyanja kudzera ku Salima mpaka ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi. Palibe ndege yochoka m'Malawi kulunjika ku Japan. Amasintha ndege m'njira, monga ku Addis Ababa, ndipo ulendo wonse umadya pafupifupi usana ndi usiku wathunthu. Chilolezo cholowera m'dzikolo amapempha ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2008, ngakhale kuti ubale wa maiko awiriwa ndi wakale: achinyamata a ku Japan ogwira ntchito modzipereka anayamba kufika m'Malawi mu 1971. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7, kotero kuti pamene mpikisano wa tsiku ukutha ku Tokyo 6 koloko madzulo, ku Linga imakhala ikungokwana 11 koloko m'mawa.

Sumo ili ndi nyengo zake, monga momwe mpasa uli ndi nyengo yokwerera mumtsinje wa Bua. Kuyambira mu 1958 mipikisano ikuluikulu imachitika kasanu ndi kamodzi pachaka. Ya mu Januwale, Meyi ndi Seputembala imachitikira ku Tokyo; wa mu Malichi ku Osaka; wa mu Julayi ku Nagoya; ndipo wa mu Novembala ku Fukuoka. Mpikisano uliwonse umatenga masiku 15, kuyamba Lamulungu ndi kutha Lamulungu. Matikiti amatha kukali masabata angapo, choncho mlendo wanzeru amagula asananyamuke kwawo. Wofika m'miyezi ina angathe kuonerera pamene olimbanawo akuyendera mizinda ing'onoing'ono kukaonetsa luso lawo, koma kumeneko sikukhala chikho cholimbirana.

MWAMBO WOBADWIRA M'MUNDA WA MPUNGA

Mbiri ya sumo ndi yakale kwambiri. Buku la mbiri ya Japan lotchedwa Nihon Shoki, lomwe linamalizidwa m'chaka cha 720, limasimba za kulimbana kwa amuna awiri amphamvu, Nomi no Sukune ndi Taima no Kehaya, pamaso pa mfumu. M'zaka zotsatira kunkachitika mwambo wa chaka ndi chaka kunyumba ya mfumu yaikulu, pomwe amuna amphamvu ochokera m'zigawo zosiyanasiyana ankalimbana, ndipo mwambowu unkagwirizana ndi kupempha zokolola zabwino. M'midzi namonso anthu ankalimbana pa akachisi a chipembedzo cha makolo awo chotchedwa Shinto, pofuna kusangalatsa mizimu kuti mpunga uche bwino.

Chizindikiro cha chiyambi chimenechi chikadalipo pa kachisi wa Oyamazumi, pa chilumba cha Omishima. Kumeneko, pa mwambo wobzala mpunga ndi pa mwambo wokolola, munthu mmodzi amalowa m'bwalo yekha nkumalimbana ndi mdani wosaoneka, amene amati ndi mzimu wa mpunga. Amalimbana katatu, ndipo mzimuwo umapambana kawiri, chifukwa mzimu wa mpunga ukakondwa nkhokwe zimadzaza. Mlimi wa faya kapena kilombero m'madambo a Nkhotakota, amene makolo ake ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo mvula ikachedwa, sangavutike kumva chimene chikuchitika pamenepa.

M'zaka za m'ma 1600 kulimbana kunayamba kuchitika molipiritsa, pofuna kupeza ndalama zomangira akachisi ndi milatho. Mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, boma linapereka chilolezo chotere mu 1684 pa kachisi wa Tomioka Hachiman. Kuyambira apo kunayamba kupezeka amuna odya za kulimbana basi, ndipo bungwe limene limayendetsa sumo masiku ano linakhazikitsidwa mu 1925.

BWALO LENILENI

Likulu la sumo ndi nyumba yotchedwa Kokugikan, m'dera la Ryogoku, m'mbali mwa mtsinje wa Sumida ku Tokyo. Nyumba imene ilipo tsopano inatsegulidwa mu 1985 ndipo mumalowa anthu pafupifupi 11,000. Mlendo akatsika sitima pa siteshoni ya Ryogoku amalandiridwa ndi mbendera zazitali za mawangamawanga zolembedwa maina a olimbana, ndi nsanja yaitali imene pamwamba pake amaimbirapo ng'oma m'mawa poitana anthu ndi madzulo powatsanzika.

Pakati pa nyumbayo pali bwalo lotchedwa dohyo. Ndi chiunda cha dothi la makande, chotalika kufika pafupifupi m'mawondo, cha mbali zinayi zofanana, mbali iliyonse mamita 6.7. Pamwamba pake amawazapo mchenga, ndipo pali mzere wozungulira wa mamita 4.55 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Mzerewu amaupanga ndi timitolo ta mapesi a mpunga todzaza dothi, tokwiriridwa theka. Bwaloli amaliumba latsopano pa mpikisano uliwonse, ndi manja, makasu ndi zipangizo zamtengo zotsendera dothi. Oumba ake ndi anthu otchedwa yobidashi, omwenso amaimba ng'oma, amasesa bwalo, ndi kuitana maina a olimbana ndi mawu okoka ngati nyimbo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uyambe, oweruza amavala zoyera ngati ansembe nachita mwambo wopatula bwalolo. Pakati penipeni amakumba kadzenje nakwiriramo mchere, mpunga wotsuka, ndere za m'nyanja zouma, nyama ya m'nyanja youma ndi mtedza wa m'mitengo, kenaka amathira mowa wa mpunga. Kuyambira pamenepo dothilo limayesedwa lopatulika. Pamwamba pa bwalo pamalendewera denga lofanana ndi la kachisi. Kale dengali linkakhala pa nsanamira zinayi, koma mu 1952 anazichotsa chifukwa zinkatchinga oonerera, ndipo m'malo mwake anapachika ngayaye zinayi: yobiriwira, yofiira, yoyera ndi yakuda, zoimira mbali zinayi za dziko ndi nyengo zinayi za chaka.

TSIKU LA MPIKISANO

Kulimbana kumayamba cha m'ma 8.30 m'mawa, mipando yambiri ili yopanda anthu. Nthawi imeneyo amalimbana ndi anyamata ongoyamba kumene, ena a zaka 15 zokha, matupi awo asanadzaze. Mlendo wofika m'mawa amapindula, chifukwa m'nyumba mumakhala bata ndipo amamva bwino kugunda kwa mitu ndi kupuma kwa olimbana. Dzuwa likamapendeka anthu amachuluka, ndipo cha m'ma 4 koloko gulu lapamwamba limalowa.

Malo okhala ali mitundu itatu. Oyandikana ndi bwalo amakhala pansi pa mitsamiro. Iwowa saloledwa kudya kapena kumwa, ndipo nthawi zina chiphona chimawagwera. Kumbuyo kwawo kuli tizigawo ta anthu anayi, topanikiza ngati m'bwato, momwe munthu amavula nsapato nakhala pansi atapinda miyendo. M'mwamba muli mipando wamba, ndipo ndiyo yotsika mtengo. Chakudya chodziwika kwambiri m'nyumbayi ndi nkhuku yowotcha yotunga pa timitengo, imene amaikonzera m'chipinda cha pansi pa nyumba yomweyo. Nkhuku imakondedwa chifukwa imaima ndi miyendo iwiri, pamene nyama ya miyendo inayi imakumbutsa munthu wogwira pansi ndi manja, ndiye kuti wogonja.

Olimbana a gulu lapamwamba amalowa mondondozana atavala nsalu zazitali zopeta zakutsogolo, naima mozungulira bwalo, naomba m'manja kamodzi. Pambuyo pao amalowa yokozuna, mwini udindo waukulu koposa, atamanga m'chiuno chingwe choyera chopota ngati chimene amapachika pakhomo la kachisi. Amatsagana ndi anthu awiri, mmodzi wotsogolera ndi wina wonyamula lupanga. Akakweza mwendo m'mwamba naponda pansi mwamphamvu, khamu lonse limafuula pamodzi. Kuponda kumeneku amati kumapirikitsa mizimu yoipa yokhala m'nthaka.

MCHERE, MADZI NDI MPHINDI ZINAYI

Lamulo la kulimbana ndi lapafupi. Wagonja ndi amene wayamba kutuluka kunja kwa mzere, kapena amene wayamba kukhudza pansi ndi chiwalo china chilichonse kupatula kunsi kwa mapazi. Chala chokha chikakhudza mchenga, nkhani yatha. Kumenya khofi ndi kukankha ndi chikhatho nkololedwa, koma nkhonya, kukoka tsitsi, kutosa m'maso ndi kukanyanga pakhosi nzoletsedwa. Njira zopambanira zovomerezeka zilipo 82. Chovala ndi chimodzi chokha, lamba wa nsalu yolimba wotchedwa mawashi, wotalika mamita oposa 6, amene amamukulunga kangapo m'chiuno, ndipo pomwepo ndi pogwirira.

Asanagwirane pamachitika zimene mlendo wothamanga mtima amaziyesa kutaya nthawi. Aliyense amapatsidwa madzi otsukira m'kamwa, ndipo womupatsa amakhala mnzake amene wapambana kumene kapena amene akudikira kulimbana. Wogonja sapereka madzi, kuopa kupatsirana tsoka. Kenaka amatapa mchere nauwaza m'bwalo poliyeretsa, ndipo pa tsiku limodzi mchere umatha pafupifupi makilogalamu 45. Amanjuta, amaomba m'manja, natambasula mikono zikhatho zili poyera, kusonyeza kuti sanabise chida. Akatero amayang'anizana maso ndi maso, nabwereranso ku mchere, kawiri kapena katatu. Pamenepa ndi pamene aliyense amayeza mtima wa mnzake, ndipo ozolowera amatha kuona amene wayamba kufooka asanakhudzane nkomwe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Kale kukonzekeraku kunalibe malire a nthawi. Chimene chinasintha zinthu ndi wailesi. Mu 1928 wailesi ya dziko la Japan inayamba kuulutsa sumo, ndipo kuti mpikisano uzitha pa nthawi yake anaika malire a mphindi khumi kwa gulu lapamwamba. Malirewo anapitirira kufupikitsidwa mpaka kufika pa mphindi zinayi.

Chodabwitsa china nchakuti palibe wenzulo kapena belu loyambitsa kulimbana. Awiriwo amayamba okha, onse akagunditsa nkhonya zawo pansi, ngati anthu amene agwirizana mpweya. Akadzuka amagundana ndi mphamvu yoti phokoso lake limamveka mpaka m'mipando ya m'mwamba. Olimbana a gulu lapamwamba ambiri amalemera cha m'ma makilogalamu 160, kuposa matumba atatu a chimanga, koma mu sumo sasiyanitsa anthu potsata kulemera. M'zaka za m'ma 1990 Mainoumi, wolemera pafupifupi makilogalamu 100 okha, anagonjetsapo kangapo Konishiki wolemera makilogalamu oposa 250, pogwiritsa ntchito changu ndi nzeru.

Woweruza, amene amamutcha gyoji, amavala mkanjo wa makedzana ndipo amanyamula chikupizo chamtengo cholozera wopambana. Ayenera kuloza mbali imodzi ngakhale awiriwo atagwa ngati pamodzi. Oweruza aang'ono amayenda osavala kanthu kumapazi, pamene akuluakulu awiri okha a pamwamba amapisa kampeni m'lamba, chizindikiro cha makedzana chosonyeza kuti aika moyo wao pa chiweruzo chao. Komabe mutu umodzi susenza denga: kuzungulira bwalo kumakhala akuluakulu asanu ovala zakuda, omwe kale anali olimbana, ndipo mmodzi akakweza dzanja onse amakwera m'bwalo kukakambirana. Kuyambira mu 1969 amathandizidwa ndi zithunzi za kanema. Angathe kuvomereza chiweruzo, kuchitembenuza, kapena kulamula kuti awiriwo abwereze.

Kulimbana kukatha onse awiri amaweramitsa mutu. Wopambana sadumpha, sakweza manja, ndipo sayenera kuonetsa mano. Ngati makampani anaika mphotho, amanjuta nalandira maenivelopu a ndalama pa chikupizo cha woweruza, atatha kucheka mpweya katatu ndi dzanja pothokoza milungu.

MAKWERERO A MAUDINDO

Olimbana onse ali m'magulu asanu ndi limodzi. Gulu lapamwamba, makuuchi, lili ndi anthu 42, ndipo lachiwiri, juryo, lili ndi 28. Anthu 70 amenewa ndiwo okha amalandira malipiro a pamwezi, ndipo amalimbana tsiku lililonse kwa masiku onse 15. Otsalawo amalimbana kasanu ndi kawiri pa mpikisano, ndipo amangolandira kangachepe. Wa pamwamba akapambana kasanu ndi katatu kapena kuposerapo amakwera, akalephera amatsika. Mndandanda wa maudindo umalembedwa pamanja ndi oweruza mpikisano uliwonse usanayambe, maina a akuluakulu m'malemba onenepa pamwamba, a ana ongoyamba m'timalemba tofuna galasi pansi.

Udindo wa yokozuna ndi wosiyana ndi ena onse chifukwa munthu akaulandira satsitsidwanso. Akayamba kufooka, njira imakhala imodzi yokha, kupuma. Pofika mu 2025 anthu amene anawerengedwa pa udindowu m'mbiri yonse anali 75, ndipo awiri omaliza, Hoshoryu ndi Onosato, anakwezedwa m'chaka chomwecho. Wa pa maudindo a m'munsi mwa gulu lapamwamba akagwetsa yokozuna, oonerera ena amaponya mitsamiro yao m'bwalo. Mchitidwewu ndi woletsedwa, ndipo mlendo achita bwino kusunga mtsamiro wake.

M'MPHALA YA OLIMBANA

Wofuna kuona chimene chili kuseri kwa ulemererowu ayenera kupita m'mamawa ku nyumba imene olimbana amakhala ndi kuphunzira, yotchedwa heya. Nyumbazi zilipo zoposa 40, zambiri ku Tokyo ndi madera oyandikana nawo. Heya ikufanana ndi mphala ya anyamata, koma ili ndi bambo wake, amene kale anali wolimbana, ndi mkazi wake amene amakhala mayi wa onse. Nyumba zina zimalola alendo ngati apempha pasadakhale. Mlendo amavula nsapato ndi chipewa, amakhala pansi kwa maola awiri kapena atatu osayankhula, osadya, ndipo salozetsa mapazi ake kubwalo. Kutsika pa dothi la bwalo nkosaloledwa konse.

Aang'ono amadzuka kusanache nayamba kuphunzira m'mimba muli gwa. Amaponda pansi kambirimbiri, amatambasula miyendo mpaka chifuwa kugunda pansi, amamenya nsanamira ndi zikhatho, nakankha mnzao kudutsa bwalo mpaka miyendo kukana. Akamaliza, akuluakulu ndiwo amayamba kusamba ndi kudya, aang'ono ataimirira kumbuyo kuwatumikira. Chakudya chao ndi mphika waukulu wa msuzi wa nyama kapena nsomba, masamba ndi zina, wotchedwa chanko, pamodzi ndi mbale zambiri za mpunga. Akadya amagona, ndipo umu ndi m'mene thupi limakulira. Mnyamata wa magulu a pansi amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake, amachapa, amaphika, amanyamula katundu wa wamkulu, ndipo ngakhale m'chisanu amayenda ndi mkanjo wopyapyala ndi nkhwaira zamtengo. Tsiku limene wafika m'gulu la juryo moyo umatembenuka: amapatsidwa chipinda chake, omutumikira, malipiro, ndi tsitsi lomangidwa mwaulemu ngati tsamba lotambasuka. Akapuma ntchito tsitsilo amalidula pamwambo, abale ndi abwenzi akudulako pang'onopang'ono, ndipo amuna akuluakulu amalira poyera.

ALENDO AMENE ANALOWA M'BWALO

Alendo ena sanakhutire ndi kuonerera. Mu 1972 Takamiyama wa ku Hawaii anakhala munthu woyamba wakunja kupambana chikho cha gulu lapamwamba, ndipo mu 1993 Akebono, wa ku Hawaii komweko, anakhala yokozuna woyamba wobadwira kunja kwa Japan. Kenaka kunabwera a ku Mongolia, kumene kugwetsana ndi mwambo wao wakale. Asashoryu anakhala yokozuna mu 2003, ndipo Hakuho, amene anapuma mu 2021, anatenga chikho ka 45, kuposa wina aliyense m'mbiri. Poona kuchuluka kwa alendo, mu 2002 bungwe la sumo linalamula kuti nyumba iliyonse izikhala ndi wakunja mmodzi yekha.

Wa ku Africa woyamba anali Osunaarashi wa ku Egypt, amene analowa mu 2012 nafika m'gulu lapamwamba mu Novembala 2013. Iye anali Msilamu, ndipo mwezi wa Ramadan utakumana ndi mpikisano wa ku Nagoya ankalimbana akusala kudya, m'kati mwa chifundizi cha mwezi wa Julayi. Asilamu a ku Nkhotakota, amene amadziwa kupalasa bwato ali pa swaumu, angathe kuyerekeza kulemera kwake. Anachoka mu 2018 atapezeka ndi mlandu woyendetsa galimoto popanda chiphaso, pamenenso malamulo a bungwe amaletsa wolimbana aliyense kuyendetsa galimoto. Mlendo wolowa m'bwalo amasiya dzina lake natenga la Chijapani, amayankhula chinenero chao, amadya zao, ndipo amamvera malamulo ao onse.

MBALI YA MDIMA

Walira mvula walira matope. Matupi aakuluwa amabwera ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kuwonongeka kwa mawondo, ndipo ambiri sakalamba. Akebono anamwalira mu 2024 ali ndi zaka 54. Mwambo wa m'mphala nawo wabisapo nkhanza. Mu 2007 mnyamata wa zaka 17 anafa atamenyedwa m'nyumba ya Tokitsukaze, ndipo mkulu wa nyumbayo anamangidwa. Mu 2011 zinaululika kuti olimbana ena ankagulitsana chipambano, ndipo mpikisano wa ku Osaka wa chaka chimenecho unalephereka. Achinyamata ofuna moyo woterewu akuchepa: mu 1994 olimbana anali oposa 900, koma patatha zaka makumi atatu anatsala pafupifupi 600.

Mlendo wamkazi ayenera kudziwa kuti kuonerera amaloledwa monga wina aliyense, koma kukwera pa bwalo la bungweli akazi saloledwa. M'chaka cha 2000 bwanamkubwa wa chigawo cha Osaka, mayi Fusae Ota, anapempha kuti akwere kukapereka mphotho, koma anakanizidwa. Mu Epulo 2018 ku Maizuru, mfumu ya mzindawo inakomoka ikuyankhula pa bwalo, ndipo amayi odziwa zachipatala atathamangira kukaipulumutsa, woweruza analengeza kuti atsike. Dziko lonse linakwiya, ndipo mkulu wa bungwe anapepesa, navomereza kuti moyo wa munthu unayenera kutsogola.

ZOBWERA NAZO KUMUDZI

Mlendo wodekha amaona kuti a ku Japan asunga mwambo wao posankha mosamala chimene angasinthe ndi chimene sangasinthe. Anafupikitsa nthawi chifukwa cha wailesi, anazula nsanamira chifukwa cha oonerera, analandira kanema kuti athandize oweruza, ndipo analola alendo kuvala chingwe cha yokozuna. Mu Okutobala 2025 anatengera mwambo wonse ku London, monga anachitiranso mu 1991, naumba bwalo la dothi kumeneko ndi kulipatula. Koma mchere, nsembe ya pakati pa bwalo ndi kuweramirana sanazisiye, ngakhale kuti zimachedwetsa oonerera olipira. Pa nkhani ya akazi akadakangana, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti kusankhako sikukhala kwapafupi.

Funso lomweli lili pakhomo la anthu a kunyanja kuno. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndipo alendo obwera kudzaona nyanja, dziwe la Chia ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota amafunanso kuona magule. Ena amafuna gule wofupika, wovinidwa pa nthawi imene iwo asankha, ndi wololeza kujambula paliponse. Mafumu ndi eni dambwe ndiwo ayenera kunena chimene chingatuluke poyera ndi chimene chikhale cha kumanda, chimene chingasinthe chifukwa chikupweteka anthu ndi chimene chiyenera kukhala monga makolo anachisiyira. Ku Ryogoku mlendo wolipira ndalama zambiri amavulabe nsapato, nadikira mchere mpaka uthe kuwazidwa, ndipo chaka chamawa amabweranso. Izi zikutheka chifukwa eni ake sachita manyazi kumuuza pamene ayenera kukhala ndi pamene sayenera kuponda.